Amen wanga ndi mtsinje wogulitsidwa

Foni yapagalasi anandigulira ndi mwana wanga woyamba, uja agwira ntchito ku fakitale. Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma kuwerenga ndimatha, ndipo Mulungu anandipatsa chala chofulumira. Liwu loyamba limene ndinaphunzira kulemba pafoni ndi Amen. Ndikaona vesi la m'mawa, Amen. Chithunzi cha mwana wodwala, Amen. Kwa ine kudutsa pemphero osayankha kunali ngati kutuluka m'tchalitchi abusa ali pakati podalitsa.

Masankho atayandikira, pafoni panayamba kubwera chithunzi cha wandale wina atagwada, maso ali kumwamba. Pansi pake analemba kuti wokonda dziko lathu alembe Amen. Ndinalemba. Mawa lake zinabwera ziwiri, mkuja zisanu, mpaka foni yanga inadzaza ndi bambo ameneyu. Ndinkati Mzimu ndiye ukundionetsa munthu wake.

Ndimagulitsa nsomba pamsika wa Kafue. Amene amandibweretsera ndi mnzanga wa ku Chanyanya, mayi wa mapasa. Tadziwana kuyambira ana athu ali kumsana. Amuna anga atagona m'chipatala, iye ndiye ankandikhalira patebulo tsiku lonse.

Tsiku lina panatuluka uthenga woopsa. Unati wandale winayo, wopikisana ndi wogwada uja, wagulitsa kale mtsinje wa Kafue kwa anthu akunja. Panali ndi chithunzi cha asodzi akulira pagombe, nsomba zitatayidwa pamchenga. Mtima unandiwawa. Ndinautumiza ku gulu la amayi a kutchalitchi, ndi mawu akuti tisale kudya. M'mawa mwake mnzanga anafika ndi beseni pamutu, atavala chitenge cha wandale yemweyo.

"Amake mapasa," ndinatero mokweza, msika wonse ukumva, "mudya za mumtsinje, ndiye muvala nkhope ya munthu wogulitsa mtsinje? Simuopa Mulungu?"

Mnzanga anatula beseni patebulo la mayi wina, nanyamuka. Masabata awiri sanandipatse moni. Nsomba ndinkazipeza kwina, koma kusowa kwa kuseka kwake kunandidwalitsa.

Ndinaganiza zopita kwawo, osati kukapepesa ayi, koma kukamuonetsa umboni kuti alape. Ndinamupeza pagombe ndi amayi anzake akupala nsomba. Ndinatulutsa foni ngati mlaliki atulutsa Baibulo.

Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaitana anzake. "Bwerani muone Kafue ya ba sisi!"

Foni inayenda m'manja onunkha nsomba. Mmodzi anakuza chithunzi ndi zala ziwiri. "Iyi nsomba ya kamwa yaitali monga fosholo, inagwidwa pati? Ine nabadwira pano, sininaionepo."

"Nanga mabwato aya a nsalu pamwamba?" anatero wina. "Amuna athu ayanika zovala pa bwato manje?"

"Onani mafunde! Kapena Kafue inakwatiwa na nyanja ise osaitanidwa ku ukwati."

Anaseka mpaka wina anakhala pansi m'matope. Mnzanga anapukuta misozi ndi chitenge chija, nati, "Ba sisi, zaka zonsezi mugulitsa nsomba zathu, simuziziba nkhope?"

Ndinayang'ananso. Zoona, panalibe mlamba ngakhale umodzi, panalibe bango, ngakhale mchenga sunali wathu. Zikanakhala kuti nsombazo ndinaziona pabeseni, ndikanazikana nthawi yomweyo. Koma poti zinabwera pambuyo pa pemphero, maso ndinatseka. Ndinabwerera kunyumba manyazi ali tho, osapepesa n'komwe.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinamufotokozera mwana wanga. Anatenga foni, nandionetsa kamawu kakang'ono pamwamba pa uthengawo, kosonyeza kuti wina analipira kuti ufike kwa ine. Anadinanso pena, panatuluka dzina la dziko limene oyendetsa tsamba lotumiza uthengawo amakhala. Dziko lakutali, loti ngakhale pandeke ungatope.

"Ndiye andidziwa bwanji ine wa nsomba?" ndinafunsa.

"Amama, mukalemba Amen foni imaona kuti mumakonda zotere. Iwo amangolipira kuti zipite kwa amayi opemphera ngati inu."

"Nanga voti yanga aifuniranji? Akudya kwathu kuno?"

Anangokweza mapewa. Mpaka lero sindidziwa ngati wandale wogwada uja ankadziwa za anthu amenewa. Sindimuweruza. Chimene ndidziwa ndi chakuti munthu amene sanapondepo Kafue anandiyambanitsa ndi mnzanga, ndipo ine ndinamuthandiza ndi chala changa.

Lachinayi pamsonkhano wa amayi ndinaimirira. Ndinati uthenga uja unali wabodza, ndipo amene anasala kudya chifukwa cha ine andikhululukire. Amayi ena achikulire anati, "Ine nshima ya masiku awiri mudzandibwezera!" Tchalitchi chonse chinaseka, ine ndinayamika Mulungu kuti anandichititsa manyazi pakati pa anthu ondikonda.

Chovuta chinali kwa mnzanga. Popeza ndinamunyoza pamsika, ndinati kupepesanso kukhale pamsika. Lolemba m'mawa atafika ndi beseni lake, ndinagwada pomwepo pakati pa matebulo.

"Amake mapasa, ninalakwa. Valani chitenge chilichonse chamene mufuna, voti ni yanu."

"Imwe, nyamukani! Anthu azayesa nakulodzani." Anandikoka dzanja akuseka. "Na ine uyu wa pachitenge sinimuziba bwino. Nsalu yake chabe ndiye yolimba."

Anaima pang'ono, akundiyang'ana, beseni likadali pamutu. Kenako anawerama cha ku tebulo langa.

"Nitule, ba sisi, khosi yaniwawa. Lelo kuli milamba ikulu."