Pikapu yako yasowa moto, Yosefe

Yosefe mwana wanga, patha zaka zitatu chimwalirire iwe, ndipo pikapu yako yakana kulira. Makaniko amene alamu ako abweretsa wasintha mapulagi, wabwereka batire, akuti moto sukufikabe. Munthu wake manja oyera ngati kalaliki wa ku City Centre! Tsopano alamu akowo akuti tiigulitse ngati zitsulo, ogula akubwera mawa m'mawa kudzaikoka. Galimoto imene mpando wake ukununkhabe girisi wako.

Ndakumbuka tsiku lija inatifera ku Area 1 titanyamula matumba a mbatata. Unandikhazika pachiwongolero, ine wosadziwa ngakhale kupalasa njinga. Unati, "Amayi, ndizula waya wochokera ku koyilo, ndimuyandikize pachitsulo cha injini. Ndikati tembenuzani kiyi, mutembenuze. Pakathetheka moto, koyiloyo ndi yabwino." Ine ndi phuma langali ndinatembenuza usananene. Unadumpha ngati waponda njoka, uku ukukuwa, "Mayo! Amayi mwandipha! Koma koyilo ili bwino!" Azimayi a tomato anaseka mpaka kugwira nthiti.

Lero ndawauza alamu ako ndi makanikoyo kuti ayambe ayesa koyilo asanaiweruze pikapuyo. Andiseka, ati agogo kakhaleni pamthunzi. Ndatsegula boneti ndekha, koma mawaya ndi ambiri, onse akuda, ndipo maso anga atha. Unazula uti, Yosefe? Ndilibe wina womufunsa. Bwera ngakhale kutulo undilozere, mwana wanga, kusanache.