Chipinda Chimene Bambo Anaziziritsa Mochedwa

Bambo anga anagwira ntchito yokonza makina oziziritsa m'zipinda kwa zaka makumi atatu. Ankatsuka masefa, kuthira gasi, kenako n'kuika chikhatho potulukira mphepo kuti amve ngati kwazizira. Koma kwathu malata ankatiwotcha ngati tili mu uvuni.

"Mabwana mukuwaziziritsa, ine ndikupsa muno," amayi ankadandaula.

"Chaka chamawa, amake mwana," bambo ankatero akuseka.

Tsiku limene amayi anamwalira, makina a kumochale anali atawonongeka. Bambo sanagwetse msozi. Anakatenga bokosi lawo la zipangizo n'kugwada padzuwa kuseri kwa chipindacho mpaka makinawo anayakanso. Atalowa anaika chikhatho potulukira mphepo, kenako anatembenukira pamene anagonekedwa amayi.

"Kwazizira tsopano, amake mwana. Pepani, ndachedwa."