Mapilitsi a Mkazi Wanga

Nkhani iyi ndinaisunga zaka zambiri osauza munthu, ngakhale abusa amene anandibatiza. Mapilitsi a mkazi wanga ndinawataya ndine m'chimbudzi, ndi dzanja langali, uku ndikuimba nyimbo yotamanda.

Nthawi imeneyo tinkakhala m'malaini a pa esiteti, iye akuthyola tiyi, ine ndikudulira. Achipatala anamupeza ndi bipi namupatsa timapilitsi toyera. Kenako kunabwera mneneri wa suti yonyezimira, amene Mulungu ankamuyankhula pafupipafupi, makamaka sabata ya malipiro. Iyeyu anati womwa mapilitsi ndiye kuti akukayikira Mulungu. Ine, mkulu wa mpingo wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi, sindikanalola kukayikira kugone m'nyumba mwanga. Patapita miyezi ingapo mkazi wanga anagwa pakati pa tiyi, dengu lili kumsana. Pamaliro mneneri analalika mokoma: akuti Mulungu nayenso amathyola masamba anthete okhaokha. Anthu anati ameni, ndipo ameni wanga anaposa wa onse.

Kuwerenga ndinaphunzira imvi zili mbuu, ku sukulu ya kwacha ku Khwethemule, nditapuma ntchito. Tsiku lina ndili pamzere kuchipatala ndinayamba kudziyesa ndi zolembedwa pakhoma. Ndinalumikiza zilembo pang'onopang'ono mpaka zinandiuza kuti mankhwala a bipi sasiyidwa, ngakhale munthu akumva bwino. Ndinabwereza, kuti mwina ndalakwitsa. Sindinalakwitse. Aphunzitsi athu akanakhalapo akanandiwombera m'manja.

Ana ndili nawo awiri, ndipo anagawana chuma changa mwachilungamo. Wamkazi, woyamba kubadwa, anatenga matenda a mayi ake pamodzi ndi chikhulupiriro changa chakale. Wamwamuna anatenga mbuzi zonse zimene ndinagulitsa kuti afike ku koleji, nabwerako ndi uthenga wakuti Mulungu kulibe. Ntchito nayonso anapeza kuti kulibe, choncho amapalasa kabaza ku Luchenza, uku akufotokozera okwera mmene dziko linaphulikira lokha popanda wolilamula.

Mwezi wathawu mwana wamkaziyo anasiya mapilitsi. Kwabwera mneneri watsopano, uyu ndi wa galimoto, amene amagulitsa madzi odzozedwa m'mabotolo. Madziwo amakoma ngati a pampopi wa pa esiteti, koma ine ndine yani. Mapazi a mwana wangayo anayamba kutupa, mutu osamupatsa mtendere. Lamulungu masana mlongo wake anabwera panjinga kudzamupulumutsa ndi sayansi, ndipo tonse atatu tinakhala pakhonde panga.

"Achemwali, madzi ndi madzi," anayamba mnyamatayo. "Kumwambako kulibe amene akukumvani. Kuli mitambo basi."

"Nanga iwe anakulenga ndani?"

"Tinachokera ku zinyama, pang'onopang'ono."

"Iweyo zikuoneka. Sunafikenso patali."

"Sekani, koma mapaziwo akutupa. Ababa, auzeni, inu munapitako kusukulu."

"Ababa ndi mkulu wa mpingo, zachikunja zakozo sangazimve," anatero mlongo wakeyo. "Amayi anasiya okha mankhwala, anapita ali m'chikhulupiriro. Si choncho, ababa?"

Onse awiri anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nkhuku imene inkapalasa pabwalo, ngati kuti nkhuku ndinali ndisanaionepo. Ana anga anakula akudziwa kuti mayi awo anasiya okha mankhwala, ndipo palibe tsiku limene ndinawakonza.

Mnyamatayo anapitiriza. Anatchula nyenyezi, mafupa akale, ndi anthu anzeru akunja amene mayina awo amatopetsa lilime. Za timapilitsi toyera anaiwala, poti ntchito yaikulu inali yochotsa Mulungu pampando. Iye akawonjezera umboni, mlongo wake ankawonjezera madzi m'kapu. Dzuwa litapendeka mnyamatayo anakwera njinga yake atapambana, monga amapambanira nthawi zonse. Mulungu anali atathetsedwa pakhonde panga, mapazi aja ali chitupire.

Ngati Mulungu aliko kapena kulibe, ine sindidziwa, sukulu ya kwacha sitinafike pamenepo. Sayansi inandiuza chimene chinapha mkazi wanga, ndipo sinaname, koma kukhululukira munthu siidziwa. Mwana wanga amati kulibe wondiweruza, poganiza kuti akunditonthoza. Sadziwa kuti akatero ndiye kuti kulibenso wondikhululukira. Kutchalitchi ndimapitabe, koma ameni wanga masiku ano amamveka kwa amene ndakhala naye pafupi yekha.

M'mawa mwake ndinapita kunyumba kwa mwana wamkaziyo. Mapilitsi ndinawapeza m'chitini cha shuga. Chikhulupiriro chake chinali chisanakule kufika pa changa, chimbudzi anali asanachiganizire. Ndinathira madzi a mneneri aja m'kapu, pilitsi limodzi ndikumuika m'dzanja.

"Ababa, aneneri anati madziwa ndi okwanira."

"Madzi awowo umwa, sindikukuletsa. Umezere ichi. Mayi ako sanasiye okha mankhwala, mwana wanga. Ndinawataya ndine, ndipo wachiwiri sindiika m'manda ndi ameni wanga."

Anandiyang'ana. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, kapu ili m'manja, ndipo sindinadzuke mpaka anameza.