Tsitsi la Sesilia

Tsiku lomwe timbale take ta kafukufuku tinachitanso chuku, Sesilia Taufa anatulutsidwa mu labotale anzake akuonerera.

Mtsikanayu ankathyola nafe bowa pafamu ina kunja kwa mzinda wa Brisbane m'mawa uliwonse, masana n'kuthamangira kuyunivesite. Kumeneko ankaweta maselo a chitetezo cha m'thupi m'timbale, kuti aone ngati madzi a bowa wamankhwala ndi CBD, mafuta osaledzeretsa ochokera ku chamba, angachepetse kutupa. Bambo ake, a Viliami, nyamakazi inali itawapinda zala moti ngakhale batani la malaya linkawakanika.

Koma maselo ake ankangofa. Fumbi la manyowa a kufamu linkabisala m'tsitsi lake lofika m'chiuno. Ankalichapa, ankalikulunga m'chipewa, koma chuku osatha.

Dr. Pendlebury, mkulu wa labotaleyo, anamuuza kuti akaonongetsanso kamodzi malo ake apatsa wina.

"Sankha, mtsikana iwe, manyowa kapena sayansi. Fungo lako limayamba kulowa muno iwe usanafike."

Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero. Munthu wosadziwa kuwerama m'shedi ya bowa kunyoza mwana amene akudyetsa banja lonse! Akanasiya famu, kwawo akanadya chiyani?

Sesilia anaganiza zometa. Koma kwa ife Atonga a kuzilumba za m'nyanja yaikulu, mwana wamkazi amadula tsitsi pamaliro a bambo ake. Mayi ake atamva anakalipa mpaka aneba anasuzumira pampanda.

"Wafa ndani muno? Bambo ako ali apa akumwa tiyi, iwe ukufuna kuwaika m'manda ali moyo?"

Azakhali ake anaimba foni kuchokera kumzinda wa Auckland kuti akayerekeza asadzapondenso kwawo. Azimayi a kutchalitchi nawonso anayamba zawo, omwewo amene sanabwerepo kudzawamangira a Viliami batani.

Phokoso litatha, a Viliami anamuuza Sesilia kuti abweretse sizasi, akhale pansi.

"Maliro ake ndi anga. Ndikudula ndekha."

Zala zinkakana. Sizasi inagwa, anawatolera, inagwanso. Iwo thukuta lili kamukamu, anadulabe mpaka tsitsi lonse linali pamkeka. Mayi aja anatuluka panja akulira.

Maselo otsatira anakhala moyo. Sesilia atawathira CBD pamodzi ndi madzi a bowa, zizindikiro za kutupa zinatsika m'timbale take. Dr. Pendlebury sanapepese, anthu otere sapepesa, koma malo aja sanapatse wina.

Musamve ngati bambo aja anachira. Za m'mbale si mankhwala, ndipo Sesilia amakwiya wina akanena kuti ndi mankhwala. Anamaliza digiri yake, akufufuzabe, ndipo m'mawa uliwonse amayamba wawamangira bambo ake mabatani.

Inu amene akukuuzani kuti mukununkha kumene mwachokera, kwiyani ndithu, koma mawa mubwererenso pakhomo lomwelo. Musataye mtima. Zala zopindika zija zinamaliza kudula.