Mwalimu wa Kishikwambi

Ndinafika ku Kihagara ndili ndi maganizo okhalako zaka ziwiri zokha. Mwamuna wanga anatsala ku Songea ndi mwana wathu wamkazi, amene anali atangoyamba kumene sukulu. Tinapangana kuti nthawi ikakwana ndidzapemphe uhamisho, andisamutsire kufupi ndi kwathu. Ndinkaphunzitsa sayansi pasekondale ina yomwe labotale yake inali yosungiramo matumba a simenti ndi madesiki othyoka.

Chaka chachiwiri aphunzitsi tonse tinalandira tabuleti, imene kuno timati kishikwambi. Anzanga ambiri ankangojambulira zithunzi paukwati. Ine ndinali nditatopa kujambula mtima wa munthu pabolodi ndi choko, ana n'kumati ndajambula mango. Pasukulu netiweki inali yosadalirika, choncho Loweruka lililonse ndinkakwera bodaboda, njinga yamoto yamatola, kupita ku Mbamba Bay. Ndinkakhala pakhonde la sitolo ya mayi wina wa ku Malawi wogulitsa zitenje, tikucheza m'Chichewa cha amayi anga, kishikwambi chili pamwendo chikukoka mavidiyo pang'onopang'ono.

Lolemba ndinkagawa ana m'magulu, chifukwa kalasi lonse silikanatha kuona kagalasi kamodzi. Tsiku limene anaona mtima weniweni ukugunda, mtsikana wina anagwira pachifuwa pake mpaka vidiyo inatha. Kenaka a kutchalitchi anatibwereka pulojekita ndi sola. Ana anayamba kukhoza sayansi, ndipo alendo ochokera kuboma akabwera ankawalowetsa m'kalasi mwanga. Kumsika anthu anasiya kunditchula dzina, ndinangokhala mwalimu wa kishikwambi. Ntchito zinanso zinandigwera: kulembetsa ana a mayeso pa intaneti, kulowetsa malikisi, ngakhale mafomu a tchuthi a anzanga.

Nthawi itakwana ndinapempha uhamisho, pa kishikwambi chomwecho. Pempholo linkayenera kuvomerezedwa kaye ndi a mwalimu mkuu athu, kapena kuti aphunzitsi aakulu a sukuluyo. Miyezi itatu ndinkatsegula n'kupeza mawu amodzimodzi akuti likudikira. Nditawalowera muofesi anandipatsa mpando, n'kundifunsa za mwana. Sanali munthu woipa ayi.

"Mwalimu, sindikukanizani," anatero. "Koma mukachoka inu, zonsezi ziima tsiku lomwelo. Ndipezereni wina woti azigwira, ndivomereza."

Ndinasankha mphunzitsi wa masamu, amene anali atangochoka kumene kukoleji. Teremu yonse tinkatsala masana ana akaweruka, ndipo anagwira msanga kuposa momwe ndinagwirira ine. Ndinayamba kulongedza mabuku m'makatoni. Koma akuluakulu ena atabwera kudzayendera sukulu anaona mmene ankagwirira ntchito, ndipo pasanathe mwezi anamutengera kuofesi ku Mbamba Bay. Anabwera kudzanditsanzika akuyang'ana pansi. A mwalimu mkuu anakhala sabata yathunthu akundizemba pakhonde.

Mwana wanga ndinkamuona pakagalasi komweko. Mano ake akutsogolo anaguluka ndi kumeranso ndikuonera pavidiyo yodukaduka. Tsiku lina ndikumuthandiza masamu, anatembenuka kufunsa mlamu wanga amene amamulera kuti yunifomu yake ili kuti, ndipo anamuitana kuti amama. Sanazindikire n'komwe. Ine ndinapitiriza kumufotokozera samuyo mpaka mapeto, ndikumva mawu anga ngati a munthu wina.

Lolemba lotsatira ndinasiya kishikwambi pansi pa matiresi, n'kukanena kuti chakana kuyaka. Ndinkaganiza kuti ndikakhala mphunzitsi wamba adzandimasula. Masiku atatu ndinaphunzitsa za kagayidwe ka chakudya ndi choko basi. Ana sanadandaule. Ankakopera matumbo anga okhotakhota m'makope mwawo mwakachetechete, ena akuyang'ana khoma loyera limene tinkaonetserapo zithunzi. Vidiyo ya phunzirolo ndinali nayo kale, ndinathera Loweruka lathunthu ndikuikoka ku Mbamba Bay. Lachinayi ndinatulutsa kishikwambi chija, n'kuuza a mwalimu mkuu kuti chayakanso chokha. Anangogwedeza mutu, ndipo ndikukhulupirira kuti ankadziwa.

Chino ndi chaka changa chachisanu. Mwamuna wanga anasiya kufunsa za pempho lija, amangofunsa tsiku limene sukulu zikutsekera. Panopa ndikuphunzitsa za kishikwambi mayi wina wachikulire, mphunzitsi wa Chiswahili, amene kwawo ndi konkuno, minda yake ya chinangwa ili kuseri kwa sukulu. Ameneyu palibe amene angamutenge. Amadina ndi mphamvu ngati akupha nsabwe, ndipo chinthu chikasowa pagalasi amabweza manja kumbuyo n'kundiyang'ana. Anandiuza poyera kuti akuchita zimenezi chifukwa cha mwana wanga, osati chifukwa chozikonda. Sabata yatha anatsegula yekha vidiyo ya mapapo, koma mawu sanatuluke, ndipo tinakhala mpaka dzuwa kupendeka tikufufuza pamene anadina.