Amene Anandichinjira Tambala

Zaka zinayi ndili pabanja, apongozi anga aakazi anali asanalaweko cha m'poto wanga. Ine ndine Mkhristu wa ku Ntcheu. Ndinabwera ku Nkope kudzaphunzitsa, n'kukwatiwa ndi mwana wawo. Iwo ndi Asilamu a kwa Mponda, ndipo pa zakudya sachita masewera. Akabwera ankanyamula mbatata yawo yophikaphika. Ndikawaikira mbale ankangoti, "Zikomo aphunzitsi, ndakhuta." Zinkandiwawa, ndisaname. Kukhuta kwanji munthu woti wachoka m'mawa?

Amuna anga anandiuza kuti vuto si kaphikidwe kanga ayi, koma mpeni. Nkhuku yosachinjidwa, kutanthauza yosadulidwa ndi mwamuna wa Chisilamu ndi pemphero lake, iwo sakhudza, ngakhale poto amene inaphikidwamo. Mpeni wa mwana wawo sankauwerengera, poti kumzikiti anasiya kalekale. Ndiye Loweruka lina, amuna anga atapita ku boma kukawachingamira, ndinagula poto watsopano ndi tambala wachikuda wonenepa. Ndinati lero lokha adya basi.

Kuseri kwa sukulu kunkakhala bambo wina wokalamba, wosoka maukonde, amene ankachinjira anthu nkhuku. Panali patapita masabata ndisanawaone. Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Pakhomo panali zii, chitseko chili chokhoma, ngakhale mbuzi panalibe. Nditati ndizibwerera, ndinawaona atakhala patsinde pa mtengo wa mango, atavala mkanjo woyera. Ndinagwada n'kupereka moni. Sanayankhe. Anangotambasula manja, ine n'kupereka tambala ndi mpeni. Tambala amene anandikanda njira yonse anangoti duu m'manja mwawo. Pondibwezera atamuchinja, zala zawo zinandikhudza, zozizira ngati za munthu wongovuuka m'madzi. Ndinathokoza n'kunyamuka, ndipo panjira sindinafune kucheuka.

Kunyumba ndinasosola, kuduladula, n'kukazinga ndi anyezi mpaka kufiira. Ndinaika tomato ndi madzi pang'ono, moto wapansipansi, chifukwa tambala wachikuda safuna phuma. Nyama itafewa ndinasungunula nsinjiro m'madzi ofunda n'kuthira, msuzi n'kulemera mpaka kumata pa chipande. Fungo linafika kumsewu. Koma mphaka wathu, mbava yotheratu, ananunkhiza matumbo amene ndinamuponyera n'kubwerera chafutambuyo. Ndinamukalipira.

Alendo anafika cha m'ma folo koloko. Ndinayala mkeka, ndinaika mpunga ndi nkhuku, ana athu atakhala kale akumeza malovu.

"Wachinja ndani?" anafunsa apongozi.

Ndinayankha monyadira kuti ndi bambo osoka maukonde aja.

Amuna anga anaika supuni pansi. "Amake mwana, bambowo amwalira m'mamawa kuchipatala ku boma. Akhala atagonekedwa masabata awiri. Tasiya abale akufuna galimoto yonyamula thupi."

Mtima unakwera. Ndinalumbira kuti anachinja ndi iwowo, chifukwa ndinaona kuti andiyesa wabodza, woti ndadula ndekha tambala n'kunamizira wakufa. Zikanatero, m'nyumba mwanga sakanadzamwamonso ngakhale madzi.

Apongozi anakweza dzanja kuti ndikhale chete.

"Pochinja anayang'ana kuti?"

"Anatembenuka kaye, amayi. Anayang'ana kumpoto."

"Asanadule anachita chiyani?"

Ndinaganiza kanthawi. "Anaimwetsa madzi a m'kabotolo, n'kuisisita pakhosi katatu."

Apongozi anayang'ana pansi, milomo ikugwedezeka chamumtima. Ana anasiya kusuntha.

"Ndi iwowo," anatero. "Kusisita katatuko palibe wina amachita."

Anasamba m'manja, anatenga ntchafu, anaiviika mu msuzi, n'kuyamba kudya. Anadya mofatsa mpaka fupa linayera, ndipo anandipatsa mbale kuti ndiwonjezere msuzi. Ndinawathirira. Atakweza maso anaona kuti mbale yanga sindinaikhudze.

"Idyani, mwana wanga," anatero. "Munthu wayenda ulendo wautali kudzakuchinjirani."