Anti Esnati ndi Mutu Wanga Woluka Theka

Ndikukumbukira kuti chaka chimenecho mayi anga ananditumiza kukampu chifukwa analibe kondisiya. Sanavutike n'kunama kuti akufuna ndikaphunzire za Mulungu kapena za mitengo. Anali nesi pachipatala china ku Lewisham, sukulu zinali zitatsekera tchuthi chachitali cha mu Ogasiti, ndipo mashifiti awo sankadziwa kuti kunja kuno kuli tchuthi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditangobwera kumene ku London, Chingerezi chikulowa mwaliwiro, Chichewa chikuyamba kuchita manyazi kutuluka pakamwa. Mpingo wathu wa Amalawi utalengeza kuti utenga ana kukagona kutchire kwa sabata, mayi anga anakweza mkono abusa asanamalize n'komwe chilengezocho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Malowo anali kumapeto kwa Bromley, kumene nyumba zimangotha mwadzidzidzi n'kuyamba minda ndi mahatchi. Kamsewu kake kanali kopapatiza, ndipo kabasi kamodzi kankadutsa mwa apo ndi apo ngati kakuchita kukakamizidwa. Kunali bwalo la udzu, dziwe la mabwato, holo yamatabwa ndi khitchini. Matenti ankanunkha mphira ndi masokosi a ana a chaka chatha. M'mphepete mwa njira munali zitsamba zoyabwa ngati chitedze, zimene aliyense wa ife anazidziwira pa mwendo wake. M'mawa tinkadya buledi wowotcha ndi nyemba za m'chitini, zotsekemera ngati wina wagwetseramo shuga mwangozi.

Akuluakulu otiyang'anira sankalipidwa, ndipo ana tinkadabwa kuti munthu wanzeru zake angasiyirenji bedi kudzagona pansi ndi ana a eni. Sizinatitengere nthawi kudziwa, chifukwa akulu amaiwala kuti tenti ilibe khoma. Ankolo Gift anali kuyunivesite, ndipo wina anawauza kuti mabwana a kuno amakonda munthu amene anagwirapo ntchito yongodzipereka. Ankatiwerenga mitu pafupipafupi ndi nkhope ya munthu amene akuganiza kale za ofesi yake. Anti Thoko ankakhala m'chipinda chimodzi ndi anzawo angapo ku Wembley, kugona mosinthana, moti kwa iwo tenti yawoyawo inali hotelo. Panalinso mnyamata wina woimba gitala amene anabwera chifukwa choti Anti Thoko abwera, ndipo nkhani imeneyi aliyense ankaidziwa kupatula Anti Thoko, kapena ankangodzipusitsa. Amayi abusa anabwera chifukwa ndi amayi abusa.

Za Anti Esnati zinali zina. Ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo anapempha tchuthi chawo cha chaka kuti adzakhale nafe. Mpingo wonse unkadziwa kuti anasiya mwana wamkazi, Tiyamike, kwa mkulu wawo ku Ndirande ali ndi zaka zitatu. Mapepala awo okhalira kuno anali asanalongosoke, choncho akanapita kukamuona sakanabwereranso, ndipo sukulu ya mwanayo ndi chakudya cha pakhomo ponse zikanaima. Tiyamike anali msinkhu wanga. Ndinkadziwa zimenezi chifukwa tikaweruka kutchalitchi ankandiimika pakhomo, n'kundiyeza kumsana madiresi amene agula ku Peckham, asanawaike m'katoni yopita kumudzi. Chaka chonse manja awo ankasambitsa ndi kuveka agogo a anthu ena. Sabata imeneyi ndi yokhayo imene akanagwira ana, ndipo anali ataidikira kuyambira pa Khirisimasi.

Tsiku loyamba mzimayi wachizungu woyang'anira malowo anatisonkhanitsa pamtengo wa mbendera kutiuza malamulo. Anali wamfupi, wa nsapato zamatope, wolankhula mosazungulira. Wezulo ikalira mosalekeza, aliyense asiye chimene akuchita athamangire pambendera. Munthu wamkulu asapezeke ali yekha ndi mwana pamalo osaoneka, pa chifukwa china chilichonse, ndipo wophwanya lamulo limeneli achoka tsiku lomwelo. Akuluakulu onse anagwedeza mutu. Anti Esnati nawonso anagwedeza, koma maso awo anali pa kolala ya kamnyamata kena imene inapindika.

Pakati pa sabata mutu wanga unali utasanduka chisa. Mayi anga anali atandiluka mothamanga m'mawa wonyamuka, akuchokera kushifiti ya usiku, maso akutsekeka okha. Onjezanipo mvula, udzu ndi kugudubuzika m'thumba logonamo. Ine sindinkaona vuto, poti kutchire kulibe galasi. Koma ndinkaona Anti Esnati akuyang'ana mutu wangawo pa chakudya chilichonse, milomo atailuma.

Masana ena tili pamzere wopita kudziwe kukapalasa mabwato, anandigwira pamkono n'kundikokera pambali.

“Iwe Chikondi, tabwera kuno. Mayi ako ali moyo, sungamayende chonchi ngati mwana wamasiye.”

“But Anti, it's canoes.”

“Ma canoe sathawa. Tiye.”

Sindinakane. Madzi a dziwe lija anali obiriwira ndipo ndinkawaopa, komanso mwana wa Mmalawi ngakhale ayankhe m'Chingerezi miyendo yake imamverabe Chichewa. Anapita nane kuseri kwa khitchini kumene kunali kadzuwa, anayala chitenje pansi, anakhala pa kreti yozondotsa, n'kundipana pakati pa mawondo. Sanauze munthu. Kwathu mayi akaona mwana wa mnzake ali ndi mamina samapita kukapempha chilolezo, amangomupukuta. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chipeso anatulutsa m'thumba la siketi, mafuta anali m'kabotolo ka chivindikiro chabuluu. Anamasula za mayi anga zija akung'ung'udza, kenako anayamba kudula mizere. Zala zawo zinali zolimba, zonunkhira sopo wa kuntchito kwawo. Fani ya kukhitchini inkalira pamwamba pathu, mphepo yake ikununkha anyezi. Patapita nthawi tinamva wezulo chapatali, ikulira osapuma. Ndinafuna kudzuka.

“Usagwedeze mutu,” anatero. “Ndi masewera awo amenewo.”

Sanali masewera. Ankolo Gift anawerenga mitu padziwe n'kupeza kuti umodzi ukusowa. Anawerenganso, n'kubwerezanso, mutuwo osabwerera. Ana onse anawathamangitsira pambendera, akuluakulu anamwazikana m'tchire akuitana dzina langa, ndipo woimba gitala uja anagwera m'zitsamba zoyabwa zija. Amene anatipeza anali mzimayi woyang'anira malo. Anatulukira pakona ya khitchini atanyowa kufika m'chiuno, ndere zitamumata pa thalauza, chifukwa anali atalowa m'dziwe kukandifufuza ndi manja. Anaima n'kutiyang'ana. Ine ndinali phee pachitenje, mbali imodzi ya mutu mizere yoongoka bwino, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala, chipeso chitabayidwa pakati.

Mlandu unakambidwa m'holo, ine nditakhala pasitepe kunja, zenera lili lotsegula. Mzimayi uja sanakalipe. Anangonena kuti lamulo analinena tsiku loyamba, ndipo ngati Anti Esnati sachoka ndiye kuti gulu lonse lichoke. Amayi abusa anayesa kufotokoza za chikhalidwe chathu m'Chingerezi chawo cha pa guwa, koma sizinathandize. Kenako anatembenukira kwa mwini mlandu.

“A Esnati, pepani. Kuno si kwathu. Ma rules aja tinavomera tonse.”

“Mayi, ndalakwa chiyani? Mwanayu ndamuba?”

“Palibe akuti mwamuba. Koma taonani mayiyu mmene wanyowera. Amayesa mwana wamira.”

Ndinamva mpando ukukhwekhwereza.

“Leave yanga yonse ndinatengera week imeneyi,” anatero Anti Esnati, mawu ali pansi. “Chabwino, ndipita. Koma mwana sindingamusiye ndi mutu wa half, anthu angati ndine mfiti. Ndimalize kaye, ndikwera bus.”

Amayi abusa anamasulira, mfitiyo n'kuisiya panjira. Mzimayi uja anavomera, bola zichitikire poyera, pali akuluakulu ena awiri. Choncho anatikhazika pabenchi pafupi ndi mbendera, pakati pa bwalo, Ankolo Gift mbali iyi, Anti Thoko mbali inayo, ngati mboni za ukwati.

Ndinkayembekeza kuti amaliza mbali yotsalayo basi. Iwo anayamba ndi kumasula mbali imene anali ataluka kale. Anati mizereyo inali yaikulu kwambiri, siikanakhalitsa. Anayambanso pachiyambi, ndipo ulendo uno mizere yake inali ing'onoing'ono ngati ya mpunga m'dimba. Ankadula mzere, kuupaka mafuta, kuuyang'ana, nthawi zina kuufufuta n'kudulanso. Kabasi kaja kanadutsa kumsewu, tonse tinakaona pamwamba pa mpanda. Ankolo Gift anatsokomola. Anti Esnati sanadzutse mutu.

Anzanga ankasewera mpira mbali ina ya bwalo, ndipo poyamba ndinakwiya kuti ndikuphonya. Khosi linauma, matako anachita dzanzi, khungu la pamutu linkakokeka mpaka maso kutuluka misozi.

“Anti, it hurts.”

“Pirira, tatsala pang'ono.”

Tinali tisanafike ndi pakati pomwe. Kenako anayamba kulankhula, osati kwenikweni ndi ine. Anati mkulu wawo amawauza pafoni kuti tsitsi la Tiyamike ndi lolimba, limathyola zipeso. Iwo sankadziwa ngati n'zoona, chifukwa anamusiya lili lofewa, la ukhanda, losagwirika n'komwe. Anati pafoni mwanayo amangoti ali bwino, sukulu ili bwino, kenako n'kupereka foni kwa wina, khadi yoimbira foni nayo n'kutha. Anti Thoko anayang'ana kumbali. Ine ndinasiya kudandaula za khosi. Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo pamsinkhu umenewo njira yokha imene ndinkadziwa yothandizira munthu inali kukhala osagwedezeka.

Kabasi kanadutsanso. Mzimayi woyang'anira malo anabwera atasintha zovala, anayang'ana wotchi yake, anayang'ana mutu wanga, n'kubwerera. Atabweranso ananyamula makapu a tiyi, ndipo imodzi anaiika pabenchi pafupi ndi Anti Esnati. Lamulo sanalisinthe, ndipo palibe anamupempha kuti atero.

Dzuwa la mu Ogasiti limachedwa kulowa, koma tsitsi la mwana mmodzi lili ndi polekezera. Atamanga mzere womaliza anandipukuta mafuta pachipumi ndi chala, ananditembenuza uku ndi uku, n'kundiuza kuti ndizigona nditamanga duku. Anapinda chitenje chawo, anakatenga chikwama kutenti, anatsanzika amayi abusa mogwada pang'ono monga mwa nthawi zonse. Anakwera basi yomaliza. Masiku otsalawo atsikana onse ankabwera kudzandigwira mutu, ndipo ine ndinkanyada, poti pakampu yonse panalibe wolukidwa bwino kuposa ine. Mayi anga atamva nkhaniyi anangopukusa mutu n'kunena kuti Esnati akanangouza munthu. Anatenga foni kuti aimbire Anti Esnati, n'kukadzitsekera kuchipinda, ndipo anakhalitsako.

Masiku ano ndine amene ndimatsogolera kampu ya mpingo wathu chaka ndi chaka, ndipo lamulo lija ndimalinena ndekha tsiku loyamba, mosazungulira. Ndi lamulo labwino. Tamva zambiri zimene makolo athu sankazitchula, ndipo mwana wanga sindingamutumize kumene kulibe lamulo limeneli. Odzipereka ndimawafunsa chimene abwerera. Achinyamata amayankha bwino kwambiri, mayankho okonzeratu, a utsogoleri ndi kutumikira. Azimayi ena achikulire amangoti amakonda ana, n'kuyang'ana pansi, ndipo amenewo sindiwafunsa zambiri. Ndimawaika pabenchi ya poyera ndi chipeso, atsikana n'kufola okha. Zinthu zinasinthadi: amene anasiya ana kumudzi tsopano amawaona nkhope pafoni tsiku lililonse, amaona dzino likagweruka ndi lina likamera, ngakhale kuti pafoni sungapese munthu.

Mapepala a Anti Esnati analongosoka ine nditamaliza kale sekondale. Anapita ku Ndirande ndi masutikesi odzaza, ndipo atabwerako anadzationa ku Lewisham. Mayi anga anawafunsa za ulendo, za mitengo ya zinthu, za maliro amene anachitika iwo kulibe, kenako anafunsa za Tiyamike. Anti Esnati anati mwanayo anakula bwino, ndi wamtali, ndi waulemu kwambiri, mkulu wawo anamulera bwino zedi. Anaika kapu pansi.

“Nditafika pakhomo anatuluka, anagwada, anandipatsa moni ndi manja awiri. Kenako anati, ‘Khalani pampando apa, ndikawaitane amayi.’”